Kanyali ka Che Amadu

Fungo la dizilo likasakanikirana ndi la usipa wouma, ine ndimabwerera ku Lungwena, pabwalo pa Che Amadu, pomwe m'mawa uliwonse pochokera ku mzikiti ankatsegula boneti, kofia ili kumutu, n'kumamvetsera injini ngati akumvetsera chifuwa cha mwana wodwala. Anali dalaivala wa bungwe lina lothandiza othawa nkhondo, ndipo galimoto yawo inali yoyera, yokoka ndi matayala onse anayi. Othawa nkhondowo tinali ife. Tinachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo iwo ndi amene anatipatsa malo omangapo kanyumba kuseri kwa khola lawo la mbuzi. Ndinkawaitana kuti ambuje, monga ankachitira adzukulu awo.

Kunena zoona, munthuyo ankanditopetsa. Tiyi ankamwa mpaka kuzizira, moni wawo unkafunsa ndi nkhuku zomwe, ndipo galimoto sankailiza asanaizungulire kawiri. Abambo anga ndiye ayi. Mchimwene wawo anaphedwa ndi zigawenga m'lole imene inaima pamsewu kuti asinthe tayala, ndipo kuchokera tsiku limenelo galimoto ikangoima patchire, abambo ankatuluka thukuta.

Dzinja lina amayi anali oyembekezera. Nthawi yawo itakwana anavutika masiku awiri, mwana osabadwa, mpaka azamba anati, "Pano zandikanika, thamangirani ku boma." Kuno tinalibe mbale wamkazi, choncho wokawadikirira kuchipatala ndinali ine, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, kapoto ndi ufa zili pamiyendo. Ndinakhala kutsogolo. Amayi anawagoneka kumbuyo pamphasa, mutu uli pamiyendo pa abambo.

Dzuwa lili pamutu tinafika pamtsinje wina pomwe mlatho unali utakokoloka. Magalimoto ankawolokera pamchenga, koma tsikulo madzi anali ofiira, akuyenda ndi zinyalala, ndipo kumapiri kunali kutadanso. Ambuje anakankhira pambali kandodo kakang'ono ka pafupi ndi giya. Ankakatchula kuti difu loko, yomanga matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuti azikoka pamodzi. Ikagwira, kanyali kachikasu kankayaka pafupi ndi chiwongolero. Kanyaliko sikanayake. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, napitanso kutsogolo, nayesanso. Kanali chizimire. Kenako anazimitsa injini, kiyi n'kumusiya wotsegula.

"Mwaimiranji?" abambo anakuwa. "Che Amadu, musaime pano!"

"Bambo a Rozina, loko ikakhala kuti sinagwire, tayala limodzi likangoterera pakati paja, tathera pomwepo. Mayiwa tidzawatulutsa bwanji m'madzi?"

"Mwina ndi kanyaliko kafa basi!"

"Mwina. Tione kaye."

Asanalowe kunsi kwa galimoto anandiuza kuti, "Rozina, maso pa kanyaliko. Ndikukagwedeza waya wake. Kakayaka ndiye kuti wavuta ndi waya, loko ili bwino, tiwoloka pompano."

Ndinayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Njira yonse amayi anali akubuula, koma apa analeka, ndipo bata limenelo linandiopsa kuposa kubuula kuja. Abambo ankawatchula dzina, akumenya chitsulo cha galimoto ndi chikhatho, maso ali kutchire. Madzi anali atamiza mwala umene ndinauona titangofika. Mumtima ndinawada ambuje ndi kuchedwa kwawo konse, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Kayaka, ambuje! Kayaka!"

Anatuluka msana uli matope okhaokha, nasuzumira pazenera. Kanyali kanali kozima.

"Kangozima kumene," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Anakoka handibuleki, nachotsa giya, napinga matayala ndi miyala, natenga jeke.

"Mwana wanena kuti kayaka!" abambo analira. "Mukufunanso chiyani, akulu inu?"

Ambuje anakweza tayala limodzi lakutsogolo mpaka linasiya nthaka. "Likakana kuzungulira, loko yagwira," anandiuza chapansipansi. Analikankha ndi dzanja limodzi. Tayala linazungulira mosavuta, likuwaza matope pamalaya awo. Abambo kumbuyo kuja sanaone zimenezi. Ndinaona ine, ndipo ndinadziwa kuti bodza langa likanawafikitsa amayi pakati pa mtsinje n'kuwasiya pomwepo.

Analowanso kunsi napeza kuti kaphini kolumikiza kandodo kaja ndi chitsulo cha loko kanali katagwa, mwina m'mabampu a m'njira. Pagombe panali bambo wina wa njinga ya nsomba, akudikira madzi aphwe. Ambuje anamupempha sipoko imodzi, ndipo munthuyo atangosuzumira kumbuyo kwa galimoto sanafunse zambiri. Anaidula ndi pulayazi, nailowetsa pabowo la phini, naipinda uku ndi uku. Anakankhanso kandodo, nagwedeza tayala lija. Kunsi kunamveka kuti khe! Tayala linakana. Kanyali kanayaka.

"Rozina, nanga tsopano?"

"Kayaka," ndinanena ndikulira.

"Eya. Apo ndamva."

Anatsitsa jeke, nati Bisimillahi, tinalowa m'madzi. Madzi anafika m'zitseko, nayamba kulowa pamapazi panga. Pakati penipeni tayala lakutsogolo linaterera, galimoto inapendekeka mpaka kapoto kanagubuduka, koma akumbuyo anakankha, injini ikulira, mpaka tinatulukira tsidya lina.

Kuchipatala cha ku boma amayi anawachita opareshoni. Iwo anapulumuka. Mwanayo, wamwamuna, anabadwa atafa kale.

Abambo anasiya kulankhula ndi Che Amadu. Aliyense wobwera kudzapepesa ankamuuza zomwezomwezo, kuti kanyali kanayaka, mwana anaona ndi maso ake, koma mkulu uja anataya nthawi ndi jeke. Ine ndinkamva ndili pamtondo, ndikusinja osadzutsa mutu. Ambuje m'mawa uliwonse ankaperekabe moni wawo wautali uja pamwamba pa khola, n'kudikira yankho losabwera, kenako n'kupita ku boneti yawo. Zinatero mpaka dzinja linalo.

Tsiku lina ndinawapeza akutsuka mapulagi a njinga yamoto ya mnansi, ndinagwada n'kufunsa, "Ambuje, bwanji simuwauza abambo kuti ndinanama?"

Sanasiye ntchito yawo. "Munthu wotaya mwana amafuna pokwiyira," anatero. "Bola akwiyire ine, ndili kunja kwa mpanda. Iwe umadya nawo mbale imodzi."

Madzulo omwewo ndinawauza abambo zonse, za bodza, za tayala lozungulira, za sipoko. Ndinkayembekezera mbama. Anangoyang'ana amayi amene ankapeta mpunga pakhomo. M'mawa mwake anazungulira khola la mbuzi, nakakhala pakhonde pa Che Amadu, ndipo ndinawaona akumwa tiyi mpaka kuzizira.

Nkhondo itatha anzathu ambiri anabwerera, ife tinatsala. Ambuje anamwalira kalekale. Amayi alipo, akalamba, amakangana ndi adzukulu awo tsiku ndi tsiku. Ine ndimagwira ntchito yoyeza magazi, ndipo nthawi zambiri pawindo pamaima munthu amene maso ake akundipempha kuti ndinene kuti zonse zili bwino. Ndimamumvetsa, chifukwa pempho limenelo ndinaligonjerapo kamodzi, amayi anga atagona kumbuyo kwa galimoto. Ndimayang'ananso kachiwiri, ngakhale mzere utalike bwanji, n'kulemba zimene ndaona. Anzanga akuntchito amandinena kuti ndine wochedwa. Sadziwa kuti akundiitana dzina la ambuje.