Moto unabuka chala cha bambo chili pa sitata

Ndikudziwa kuti ena mwa inu munaimva kale nkhaniyi kutchalitchi ku Tottenham, ndipo munaimva yopotoka, yoti ine ndinatenga bambo anga odwala kukawawotcha mu ndege. Lero muimve kuchokera kwa mwini wake. Zimene ndinene panozi zinachitikadi, sindikuthirako mchere ayi, ndipo Mulungu amene anatitulutsa amoyo tsikulo ndiye mboni yanga. Maina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Bambo anga anali woyendetsa ndege. Osati ndege zimene mumakwera popita kumudzi pa Khirisimasizi ayi, koma zakale zija za mapulopela, zonyamula katundu, zimene zinkatera pa mabwalo a fumbi kwathu ndi m'maiko oyandikana nafe. Mayi atatisiya, bambo anayamba kudwala matenda onjenjemera manja, ndiye poti ndine namwino ndinawatenga kudzakhala nane kuno ku Thamesmead. Tiyi ankamwera m'kapu ya chivindikiro, mabatani a malaya ndinkawamangira ndine, koma mukangotchula za ndege munthu uja ankawongoka pampando, mawu n'kubwerera.

Ankati injini za masiku ano n'zaulesi, ngakhale mwana atha kuziliza. Zawo zija masilinda ake anali ozungulira ngati anthu atakhala pa bwalo, ndipo ndege ikagona oyilo ankatsikira m'masilinda a pansi, choncho m'mawa munkayamba mwatembenuza pulopela ndi manja pang'onopang'ono, kumvetsera ngati penapake palimba, apo ayi muthyola chitsulo m'kati. Kenako kuinyambititsa petulo pang'ono, kuizunguza ndi sitata, iyo n'kutsokomola, kulavula utsi, kukana, mpaka itavomera. Ana anga ankangoyankha m'Chingerezi kuti chabwino agogo, maso ali pa foni.

Achimwene anga a ku Wembley ndiwo anali ataweruza kale. Ankati mutu wa bambo sukugwiranso, akungobwereza nkhani imodzimodzi, ndipo malo awo ndi kunyumba yosungirako okalamba, pakadali pano asamatuluke m'fulati. Ine ndinkawauza kuti chikunjenjemera ndi manja osati nzeru, koma kodi mawu a mlongo wamng'ono amalemera chiyani pamaso pa mwana woyamba wamwamuna?

Ndiye kuchipatala kwathu kunagonekedwa mayi wina wachizungu, ndipo mwamuna wake, mkulu wa imvi mbuu, ankabwera tsiku ndi tsiku kudzamuona. Pocheza zinadziwika kuti nayenso anayendetsapo ndege zoterezi, komanso kuti iye ndi anzake okalamba akusamalira imodzi pa kabwalo kena m'mphepete mwa London, ndipo Loweruka lina ndi lina amaliza mainjini ake kuti asachite dzimbiri. Nditamuuza za bambo, anati ndiwabweretse. Achimwene sindinawapemphe chilolezo. Ndikanawapempha chifukwa chiyani, amawasambitsa ndi iwo?

Tsikulo kunali kuzizira kolowa m'mafupa. Bambo anavala jekete ndi tayi, tinakwera basi, sitima, kenako takisi. Atangoiona ndegeyo itaima chokweza mphuno, mchira uli pansi, anasiya ndodo m'manja mwanga n'kuyenda okha. Madala aja anawalandira ngati m'bale wawo, nkhani zili m'manja, uyu akupendeketsa chikhatho, uyu akuseka. Potembenuza pulopela anawalola kuikapo dzanja, ndipo pamapeto mzungu uja anati mpando wa kumanja ndi wa bambo, wokanikiza sitata ndi iwo, iye asamala za petulo ndi zina zonse. Ine ndinakwera nawo poti masitepe okha sakanatha, n'kuima kumbuyo kwa mipando yawo. Panja panaima mkulu wina ndi botolo lalikulu lozimitsira moto, ine n'kumati ndi mwambo chabe.

Sitata yake ndi kabatani ka pamwamba pa mutu, kamene umayenera kukagwirabe mpaka injini italira. Anayamba ndi injini ya kumanja, mbali ya bambo. Ulendo woyamba inangotsokomola n'kukhala chete, ati chifukwa cha kuzizira. Anaionjezera petulo n'kuyesanso, pulopela ikuzungulira mwaulesi, ndiye mwadzidzidzi kunamveka phuu! Nditasuzumira pa windo ndinaona moto, abale anga, moto weniweni wofiira ukutuluka kunsi kwa injini, malawi akukwera kunyambita phiko, ndipo ine ndinkadziwa bwino kuti petulo yense wa ndegeyo ali pafupi pomwepo. Anthu amene ankaonerera kuseri kwa mpanda anayamba kuthawa, ena akukuwa.

Chitseko chinali kutali, kumchira. Ndinayang'ana kanjira kotsetsereka kopita kumeneko, ndinayang'ana bambo, n'kudziwa kuti sindingawanyamule kukafika nawo kumeneko moto usanatipeze. Komabe ndinawagwira jekete, kuwakoka, ndikukuwa kuti tiyeni tituluke, tikufa. Iwo osacheuka n'komwe. Mzungu uja manja onse awiri anali pa ntchito, lina likutseka petulo, lina likukankha chitsulo cha pakati chotsegulira injini mpweya, ndipo ankangobwereza mawu amodzi akuti asasiye, asasiye. Koma chala cha bambo chinkanjenjemera n'kumaterereka pa kabatani kaja, ndipo chikangoterereka pulopela inkafooka, moto n'kukwera.

Pamenepo anandiitana ndi dzina langa la paubwana, ndi mawu amene ndinali ndisanawamve chiyambire kudwala kwawo. Anati ndisiye jekete yawo, ndiike chala changa pamwamba pa chawo, ndikanikize, ndipo ndisachotse ngakhale ndione Gehena yeniyeniyo. Ndinawayankha kuti apenga, tizunguze bwanji injini imene ikuyaka? Anangoti mwana wanga, kanikiza.

Inu mukanatani? Nzeru zanga zonse za unamwino zinkati thawa, thupi lonse linkati thawa, ndipo amene akundiuza kuti ndikhale ndi munthu amene banja lonse lati mutu wake unatha. Ndinaika chala. Chawo chinali chozizira, chikugwedera pansi pa changa, ine ndinakanikiza mpaka chikhadabo chinathyoka. Fungo la petulo ndi labala wopserera linadzaza m'katimo, kutentha kunkamveka pa tsaya kudzera pa galasi, ndipo ndinkaona mkulu wa botolo uja atalilozetsa pa injini koma osapopera, maso ali pa mzunguyo kudikira chizindikiro. Ndinkapemphera uku ndikumutukwana mkuluyo chamumtima. Ndinaganiza za ana anga, kuti adzauzidwa chiyani, ndipo mantha amene ndinali nawo sindinawamvepo ngakhale m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Kenako injini inatsokomola, n'kutsokomolanso, n'kubangula mwamphamvu moti ndege yonse inagwedezeka. Ndinaona ndi maso angawa malawi aja akukokedwa kulowa m'kati, otsala n'kuuluzika ndi mphepo ya pulopela, utsi woyera n'kuphimba windo. Utsi utachoka, moto kunalibe. Posakhalitsa injini inazima yokha poti petulo anali atatsekedwa, kunja kuli zii.

Ndinakhala pansi pomwepo, ndipo zimene zinachitikira diresi langa sindinena pano. Nanga madala awiri aja? Ankaseka, akumenyana pamapewa ngati anyamata. Bambo ndiwo anandifotokozera pambuyo pake, tikumwa tiyi, kuti petulo akachuluka amadikha m'njira yolowera mpweya n'kuyaka, ndipo ukasiya kuzunguza motowo umatsala pomwepo n'kudya ndege, koma ukazunguzabe injini imaumeza. Anati anakumana nazo kale pa mabwalo a kuthengo kumene kunalibe ngakhale botolo lozimitsira moto.

Vuto n'lakuti wina anajambula zonsezo pa foni, ndipo zinakafika ku Wembley. Lamlungu lake achibale anadzaza m'nyumba mwanga. Achimwene anandinena kuti ndine namwino wopanda nzeru, ndikanapha bambo, ndipo tsopano bambo akupita kunyumba ya okalamba basi, palibenso zokambirana. Alamu anavomereza, azakhali pa foni kuchokera kumudzi anavomereza. Onsewo ankalankhula za bambo ngati za katundu wosowa poika, eni ake ali pampando pomwepo, kapu ili m'manja. Ine ndinaimirira. Ndinawauza kuti mu ndege muja munthu amene mutu unamusokonekera ndinali ine, ndipo ndikupuma lero chifukwa cha nkhalamba imene akuiyesa yotha ntchitoyo. Ndinati bambo m'nyumba muno satulukamo, amene akufuna kuwatenga ayambe wandinyamula ine, ndipo ngati ali ndi ulemu awafunse eni ake chimene akufuna.

Achimwene anatembenuka monyinyirika n'kuwafunsa. Bambo anaika kapu pansi, n'kunena mofatsa kuti akufuna ndidzawaperekezenso mwezi wamawa, chifukwa injini ya kumanzere sanailize.

Ndinawaperekeza. Ndinkawaperekezabe mpaka pamene miyendo yawo inalekeratu kukwera masitepe, ndipo ngakhale pamenepo ankakhala pa njinga ya olumala pafupi ndi mpanda n'kumadzudzula anzawo kuti achulutsa petulo. Achimwene anasiya kundilankhula kwa nthawi yaitali, ine sindinapepese ndipo sindidzapepesa. Bambo anamwalirira m'nyumba mwanga, pa bedi lawo, ndipo pamaliro madala a kubwalo la ndege aja anabwera atavala matayi.

Musandimve molakwa, ndege zakalezi si zoseweretsa, ndipo mukadzaona pulopela, kaya ikuzungulira kaya yaima, khalani kutali. Koma chenjezo langa lenileni likupita kwa inu amene mukusunga makolo m'mafulati muno, mukuthamanga ndi mashifiti. Ine ndimakhulupirira kuti timawaika m'manda makolo athu akadapuma, tikangoona manja akugwedera basi timayamba kuwalankhulira, kuwaganizira, kuwatsekera. Moto uja umandibwererabe m'maloto, koma chimene chimandiwawa ndikakhala maso ndi Lamlungu lija, bambo ali chete pakati pa ana awo. Ine ndikadzakalamba, ana anga akadzayerekeza kukambirana za ine ndili pompo osandifunsa, adzandimva mpaka kutsidya kwa mtsinje.