Mzere Umene Amuna Anga Ankasiya Wosalemba

Apampando a parishi, munaima kutsogolo kwa mpingo n'kunena kuti malemu amuna anga anataya mayina a akufa chifukwa cha ukalamba. Munanamizira munthu amene sangakuyankheni. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma izi ndalemba ndekha.

Amuna angawo anakula ali amasiye, akusesa m'tchalitchi asanapite kusukulu. Atakula anayamba kusoka nsapato. Titangokwatirana, bambo mfumu anawapatsa kope la akufa, kuti aliyense azitchulidwa pa Misa tsiku limene anamwalira. Analisunga zaka makumi atatu. Januwale aliyense ankakopera mayina onse m'kope latsopano, tsiku lomwelo, chaka chatsopano, zala zili guluu yekhayekha.

Ine ndinkalusa. “Akufawo akusokerani nsapato za anthuzi?”

“Mayi a ana, wakufa alibe pakamwa. Pakamwa pake ndine.”

Chakumapeto kwa kope ankasiya mzere umodzi wosalemba, ati ndi wa amene alibe womukumbukira. Mwana wathu woyamba atamwalira anamulemba okha, osadandaula. Maso awo atachita nkhungu ndinkawawerengera ine, iwo akulemba zilembo zikuluzikulu. Anatisiya Lachiwiri masana ali pampando wawo, nsapato ya mwini ili pamwendo, kolona ili m'manja. Kope linapita ku ofesi kuti mayina alowe m'kompyuta.

Chaka chino anthu anayamba kudandaula kuti abale awo sakutchulidwa. Mpamene munalankhula zija. Miyezi iwiri ndinkakhala pa benchi yakumbuyo, mtima ukundifunsa kuti mwina ndine ndinkadumpha mayina powerenga.

Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ya pakompyuta, ananditengera kwa kalaliki wa parishi.

“Achimwene, chaka cha pamayinawa munasintha bwanji m'kompyutamu?” anafunsa mwana wangayo.

“Ndinakonza tsiku lapamwamba, n'kudina kuti ena onse atsatire.”

“Tatsitsani mndandanda wa masikuwo mpaka pansi.”

Kalaliki anatsitsa, n'kugwira pakamwa. Mzere wosalemba uja anaukopera momwemo, ndiye makina atafika pamenepo anayesa ntchito yatha. Mayina makumi anayi apansi pake anatsalira m'chaka chatha, osatuluka papepala la Misa. Tinayala kope pambali n'kuwerenga limodzilimodzi. Palibe limene linasowa. Lomaliza pakompyuta linali la amuna anga.

“Amayi, cholakwa n'changa, sindinayang'ane pansi,” anatero kalaliki. Anakonza ine ndikuona.

Lamulungu bambo mfumu anawatchula onse makumi anayi, n'kukhala chete pang'ono pa mzere uja. Ndinapuma mpweya wofika pansi pa mtima, ndipo ndabwerera pa benchi yanga yakutsogolo. Kalaliki ndamukhululukira, poti anavomera.

Mwatsala inu, apampando. Amuna anga munawadetsa kutsogolo kwa mpingo, ndipo mudzawatsuka pomwepo, osati kuseri kwa tchalitchi. Lamulungu liti? Ndiyankheni.