Chipinda cha Ba Perpetua

Inu amene mwatopa ndi kudikira, imvani za Perpetua Sakala wa ku Kabwata.

Mu 1981, atatha zaka zisanu ndi ziwiri m'banja popanda mwana, apongozi ake anafika kuchokera ku Katete ali ndi mtsikana. Anati nyumba ya mwana wawo Abson yazizira mokwanira, ndipo mkazi wachiwiri ndi ameneyu. Perpetua anali atangotuluka m'chipatala, bala la opaleshoni lisanapole. Anawaphikira tiyi, kenako anadzitsekera kubafa kuti alire osamveka.

Abson anabweza mtsikanayo, koma mawu aja anamukhala Perpetua pamtima.

Lachiwiri lililonse ankapita ku chipatala chachikulu, kumene amayi ovutika kutenga pakati ankakhala duu pabenchi, aliyense atabisa khadi lake m'chitenje. Tsiku lina dokotala anamuuza kuti njira zake zoberekera zatsekekeratu, palibenso chochita.

Potuluka anapeza mayi wina, Tryness wa ku Chelstone, akulira pakhonde. Mwamuna wake Killian anali atakana kuyezedwa, ndipo anamupatsa miyezi itatu kuti atenge pakati, apo ayi azipita kwawo. Perpetua, misozi yake ili pafupi, anakhala naye maola awiri. Sanamulonjeze mwana. Anangomumvetsera.

Namwino wamkulu, Sisita Chibesa, anaziona. "Ba Perpetua, mankhwala tili nayo, koma nthawi yomvela bantu tilibe. Muzibwela."

Anayamba kubweradi. Kenako anapempha holo ya tchalitchi kuti amayiwo azikumana Loweruka. Tsiku loyamba anafika awiri okha. Amayi ena a mumpingo ankaseka, amvekere wosabala aphunzitsa ndani.

Sanasiye. Anaphunzira kwa Sisita tanthauzo la kuyeza kulikonse, n'kumafotokoza m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Ankaperekeza oopa opaleshoni. Ankakwera basi mpaka ku Chunga kukaona amene amuna awo anawaletsa kubwera, ndipo makomo ena anamubwezera pakhomo pomwepo.

Povuta panali pa amuna. Apa Abson analowererapo. Anapita kwa Killian katatu, ndipo ulendo wachitatu anangomuuza kuti, "Ba Killian, naine ninapimiwa. Onani, ndevu zikalipo."

Killian anaseka, napita kukayezedwa. Anamupeza ndi matenda ochizika, ndipo patatha chaka ndi theka Tryness anabereka mwana wamkazi.

Si onse anapeza ana. Ena analera ana a abale awo, ena anachoka m'mabanja a nkhanza ali ndi anzawo owagwira dzanja. Koma panalibenso wolira yekha pakhonde paja.

Pofika 1988 gululo linali ndi amayi oposa makumi asanu ndi limodzi, ndi amuna khumi ndi mmodzi. Chipatala chinamutumiza Perpetua ku maphunziro a uphungu, n'kumupatsa kachipinda ka mipando itatu, dzina lake litalembedwa pachitseko.

Tsiku lotsegulira munalowa mayi wa ku Makeni ndi mwamuna wake, onse akuyang'ana pansi. Mayiyo anafunsa Perpetua kuti iye ali ndi ana angati.

"Nilibe," anayankha akumwetulira. "Nkalani pansi, muniuze zanu."

Anatuluka patatha ola, mwamuna atanyamula yekha khadi, ulendo wokayezedwa onse awiri.

Ngati nanunso muli pabenchi lotere lero, musabise misozi. Pezani wokumvetserani, ndipo mukapeza mphamvu, mumvetsere mnzanu. Mwana abwere kapena asabwere, ndinu munthu wathunthu. Osataya mtima.