Tsiku Limene Anamupepesa Nuala

Nuala Hanratty ndinakula naye mumsewu umodzi kuno ku Boston, mbali ya kudoko, ndipo mkazi wouma mutu ngati iye sindinamuonenso. Anagwira ntchito zaka makumi atatu m'khitchini ya pasukulu ya parishi, kusenda mbatatesi, kuwiritsa kabichi ndi kukalipira ana a eni ngati ake. Akeake analibe. Banja analilawa zaka zinayi zokha.

Mwamuna wake, Malachy, ankatsitsa katundu m'sitima padoko. Anali munthu wanthabwala, wokonda kuimba ngakhale mawu ake ankathawitsa agalu. M'chaka cha 1979 anaona zosayenera kuona: anyamata a gulu la zigawenga limene linkalamulira dera lathu akutulutsa mabokosi a mfuti. Patapita sabata, wina anamuona ataima ndi wapolisi pakona. Mwina wapolisiyo ankangofunsa nthawi, ndani akudziwa. Lachiwiri lina m'mawa Malachy anapita kukagula buledi, osabwerako.

Kwathu kuno mwana amayamwira lamulo limodzi: sunaone, sunamve. Tonse tinkadziwa kuti Malachy anaphedwa, koma mtembo panalibe, ndiye maliro panalibenso. Pamaliro athu anthu amafola mzere, aliyense n'kugwira dzanja la wofedwa ndi kunena mawu amodzimodzi: "Pepani ndi zimene zakugwerani." Nuala palibe anamuuza mawu amenewo, chifukwa kuwanena kunali kuvomera kuti ukudziwa kanthu. Ngakhale ine, mnzake wapamtima, ndinkangoti, "Mwina ali ku Canada, abwera." Ndimachita manyazi mpaka lero.

Iye ankafuna chinthu chimodzi basi, kudziwa pamene mwamuna wake anagona kuti akagwadepo.

Munthu amene akanamuuza analipo, a Desmond Mulkern, phungu wathu wakale. Gulu lija ndi limene linkawakokera mavoti khomo ndi khomo, iwo n'kumalitsekera maso a apolisi. Pa Khirisimasi ankatumiza nkhukundembo nyumba iliyonse, ndipo ya Nuala inkakhala yonenepa kuposa zathu. Chaka ndi chaka ankaibweza. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka: a Mulkern ndi amene ankapezera ana athu ntchito, ndiye tonse tinkawavulira chipewa. Nuala akawayandikira potuluka m'tchalitchi, ankapezeka ali kale m'galimoto.

Mu 2006 kunabwera anthu a wailesi ya kanema kudzajambula sewero lonena za ife, Aairishi a kuno, ndale zathu ndi zigawenga zathu. Anamata chikalata pakhomo la holo ya parishi chofuna nkhalamba zoti zikakhale pamaliro a m'sewero.

"Tiye," anatero Nuala.

"Iwe, ndi nkhope zathuzi? Tikaswa makamera a anthu."

"Yako ndiye ikaswa. Vala yakuda ija, tiye."

Tinapita Lachinayi m'mawa. Anthu a kanemawo anabwereka nyumba ya m'msewu wathu womwewu, pabalaza n'kuikapo bokosi lamaliro labwino kwabasi, lotseka, mkati mulibe kanthu. Wotsogolera ntchitoyo anali mayi wa ku California dzina lake Kendra. Anatiuza kuti tikhale chete, tiwerame, tizipukuta misozi.

Nuala anaseka mokweza. "Mayi inu, maliro a ndani amenewo? Kwathu kuno timadya nyama, timamwa, timamunamizira malemu zabwino zimene sanachitepo. Ndipo mzere uli kuti?"

"Mzere wanji, amayi?"

Nuala anamufotokozera. Kendra anakondwa ngati watola ndalama. Anasintha zonse, namuimika Nuala pafupi ndi bokosi ngati azakhali a malemu, achitatu pamzere wa ofedwa. Ine anandikhazika pampando kumbuyo kwake, kapu ya tiyi wozizira m'manja.

Kenaka chitseko chinatseguka, n'kulowa a Mulkern ndi ndodo yawo, tsitsi lapesedwa bwino. Anthu a kanemawo anawaitana mwaulemu kuti aoneke nawo pang'ono monga mkulu wa dera. Kamera ndi a Mulkern sizinkapatukana chiyambire. Anaona Nuala iwo atalowa kale pamzere, ndipo pobwerera panalibe.

Anthu anayamba kuyenda. Wogulitsa nyama wathu, a Tierney, anagwira dzanja la Nuala nanena mawu aja. Anatsatira a Sisitere opuma ntchito, kenaka amuna awiri amene ankagwira ntchito ndi Malachy padoko. Aliyense ankayang'ana pansi. M'chipindamo tonse a kuno tinadziwa kuti sewero latha kalekale, kupatula alendowo.

A Mulkern anafika. "Pepani ndi zimene zakugwerani."

Nuala sanawasiye dzanja. Anafunsa motsitsa, ine ndekha ndinamva. "Ali kuti, a Desmond?"

"Dulani!" anakuwa Kendra, kamera n'kuima. "Amayi, musamagwire nthawi yaitali, mzere ukuima. Tibwerezenso."

Anabwereza. Nyali inavuta, anabwereza. Wina anatsokomola, anabwereza. Ulendo uliwonse nkhalamba ija inkayenda pamzere, kunena mawu aja, ndipo ulendo uliwonse Nuala ankafinya zala zawo n'kufunsa funso lomwelo. Kachinayi anamuyankha kuti, "Nuala, zakale zimenezo." Kachisanu anayang'ana kumbali. Thukuta linali litanyowetsa kolala, mpaka mtsikana wopaka anthu zodzoladzola anabwera kudzawapukuta pamphumi.

Popuma ndinamukoka malaya Nuala. "Mnzanga, basi. Ukufuna afere pano?"

"Bokosi lilipo kale," anatero, osanditembenukira.

Kachisanu ndi chiwiri a Mulkern anafikanso. Ananena mawu aja, kenaka anawerama ngati akumupsompsona patsaya.

"Anamangapo mlatho wa msewu waukulu, Nuala. Paja pokwerera, kuseri kwa nkhokwe za malasha. Pansi pa chipilala. Chiti sindikudziwa, Mulungu ndi mboni."

Nuala anawasiya dzanja. Sanakuwe. Anatembenuka, n'kuika chikhatho pa bokosi lopanda munthu lija, ndipo analira kulira kumene anakusunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Tonse tinalira naye, amuna a padoko omwe. Kendra anadikira mpaka titatonthola, kenaka anabwera maso ali ofiira nati, "Amayi, munayamba mwasewerapo kale? Mwandigwira mtima." Sindinamukwiyire, sankadziwa.

Potuluka ndinamugwira dzanja Nuala pakhonde, ndinati ndinene mawu aja angaanga, osati a m'sewero. Anandidula. "Wachedwa, iwe. Koma nena." Ndinanena.

Kupolisi Nuala anapita yekha sabata yotsatira. Apolisi analemba zonse mwaulemu, namuuza kuti mlatho umene pamadutsa magalimoto zikwizikwi sangaugumule chifukwa cha mawu a nkhalamba, makamaka poti a Mulkern atafunsidwa anati sakumbukira kanthu. A Mulkern anamwalira chaka chomwecho, ndipo mzere wa pamaliro awo unafika mpaka pakona.

Lamulungu lina titatuluka Misa, Nuala ananditenga mpaka kunsi kwa mlathowo. Ndi malo amphepo, a nkhunda ndi mabotolo osweka, pamwamba magalimoto akungogunda. Tinawerenga zipilala, zinakwana khumi ndi zinayi.

"Ndiye utani?" ndinafunsa.

Anayala nyuzipepala pansi pa choyamba, nagwada movutikira, korona m'manja.

"Lero ichi. Sabata yamawa icho. Ndikamaliza ndiyambiranso. Lamulungu limodzi mwa khumi ndi anayi ndizikhala naye."