Zigoba za Alamu Anga a Urho

Kuno kwathu ku Keweenaw, dera lozizira la migodi ndi chipale chofewa, mwamuna akamapita kosaka mbawala mu Novembala amasiya mkazi kunyumba, ndipo tinene zoona, ambiri chimene amapitira n'chomwecho. Alamu anga a Urho Palosaari okha ndiwo ankapita ndi akazi awo, achemwali anga a Lempi, chaka ndi chaka. Chifukwa chake chinali mfuti.

Mfutiyo inali ya malemu bambo awo, yaitali, yolemera, ya saizi 33. Zipolopolo za saizi imeneyo anasiya kupanga ine ndidakali pasukulu. Munthu wina aliyense akanaipachika pakhoma n'kugula yatsopano. Sikuti a Urho analibe nzeru ayi, kungoti nzeru zawo zinkakonda njira yozungulira. Iwo anati azidzipangira okha zipolopolo.

Onga ankagula. Fataki, kaja kamakhala kumatako kwa chipolopolo n'kumayatsa onga, ankagulanso. Mtovu ankasungunula okha mumphika umene anaba kukhitchini. Koma chigoba, kabotolo ka mkuwa kamene kamasunga zonsezi, sichinkapezeka m'sitolo iliyonse. Bambo awo anawasiyira zigoba makumi awiri ndi zitatu m'kachitini ka fodya, ndipo chuma chawo chinali chomwecho. Chigoba ukawombera umachitola, kuchitsuka, kuchifinya pamakina kuti chibwerere m'chimake, n'kuthiranso onga. Chimapirira maulendo angapo, kenako chimang'ambika kukhosi, basi, maliro.

Anzawo a kumgodi anawauza kuti zigoba za saizi ina zimatheka kufinyidwa mpaka kulowa mumfuti yawoyo. A Urho anayesa kamodzi, n'kuphwanya zigoba zisanu ndi chala chawo chachikulu. Kuyambira pamenepo ankati mfuti ya bambo awo siidya za eni.

Tsono mfutiyi inali ndi khalidwe loipa. Ukawombera n'kukoka chitsulo chapansi kuti chipolopolo china chilowe, chigoba chinkalumpha m'mwamba, kudutsa paphewa, n'kukagwera kumbuyo m'chipale chofika m'mawondo. Ndiye a Urho, m'malo moyang'ana kumene mbawala yathawira, ankayang'ana kumene chigoba chagwera. Chaka choyamba cha ukwati wawo, achemwali atawona kuti dzuwa lapendeka munthu osabwera kudzadya, anawatsatira. Anawapeza akukwawa, akusefa chipale ndi zala, mphuno ikuchucha.

"Mbawala ili kuti?"

"Ili uko, yafa kale, siithawa. Ima pomwepo, usaponde!"

Achemwali anaima n'kuwayang'ana kwa kanthawi. Kenako anatambasula dzanja n'kutulutsa chigobacho m'khosi mwa jekete la amuna awo, kumbuyo, mmene chinali chikhalire kwa maola atatu.

"Mawa tipitira limodzi," iwo anatero. "Sindinakwatiwe kuti ndikhale wamasiye chifukwa cha kachitsulo."

Ntchito yawo inayamba choncho. Ankaima kuseri kwa phewa lamanja la a Urho, chipewa chofiira chaubweya chili m'manja. Mfuti phuu, chitsulo khetye, chigoba m'chipewa. Pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi anaphonya kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri anati olakwa anali a Urho.

Anthu ankaseka, nanga akanalekeranji. Kokamwa khofi a Urho sankapuma.

"Urho, chaka chino madamu apha zingati?"

"Akulu, kodi kuchimbudzinso amakudikirirani ndi chipewa?"

A Urho ankangoviika buledi wawo m'khofi. "Inu mumasaka ndi mabotolo, ine ndimasaka ndi mkazi. Tikawerenge nyanga pakhomo."

Nawonso achemwali sankasowa chonena. Thireyi yawo yophikira keke ndi imene a Urho ankaimikamo zigoba m'madzi pozifewetsa makosi ndi moto. Sikelo ya onga inkakhala pathebulo lodyera, ndipo munthu ukayetsemula pafupi unkazengedwa mlandu. Mwezi wa Okutobala ukangofika, nyimbo inkayamba.

"Jalmer, mlongo wanga, anzanga anakwatiwa ndi amuna, ine ndinakwatiwa ndi mkuwa. Mawondo angawa atha. Zala sizipindika. Tsiku limene tizigoba timeneti tidzathe ndidzavina m'tchalitchi."

Ine ndinkawamvera chisoni. Sindinakwatirepo, choncho ndinkakhulupirira kuti munthu akanena chinthu ndiye kuti watanthauza chomwecho.

Kamodzi kokha ndinapita nawo kutchire. Anthu amene kunyumba ankakangana ngakhale za mchere anakhala pachipika mmawa wonse osalankhula, akupatsirana kapu imodzi ya khofi. Mbawala itatulukira, achemwali ndiwo anayamba kuiona, n'kuwakhudza a Urho pamsana ndi chala chimodzi. Chigoba anachiwakha osachiyang'ana n'komwe. Ndinabwerako ndili ndi kansanje kamene sindinakamvetse, ndipo ndinakaiwala msanga.

Chaka chimene a Urho anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, m'kachitini munatsala zigoba zinayi, china chili kale ndi kamng'alu. Tsiku lina patebulo ananena mosakweza mawu kuti zikatha zimenezi, mfuti aipachika ndipo kutchire asiya. Mfuti ina sangaigwire. Atanena anatsokomola kwa nthawi yaitali, chifuwa chija anachoka nacho kumgodi, ndipo achemwali sanavine.

Mwayi, kapena tsoka, unandipeza ine. Mayi wina wamasiye wa kwa Kinnunen anandipempha kuti ndimuthandize kuchotsa zinyalala m'khola la malemu amuna ake. Kuseri kwa matayala akale ndinapeza chitini cha mabisiketi chikulira ngwerengwere. Nditatsegula, zigoba! Ndinapukuta chimodzi kumatako ndi malovu, nambala 33 n'kuonekera. Zinalipo makumi anayi. Mayiyo anati nditenge, kwa iye zinali zinyalala basi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakaika chitinicho pathebulo pawo ngati munthu wapha mkango. A Urho anavala magalasi, anatola chimodzi, anachiyeza, anachinunkhiza.

"Alamu, mwazitenga kuti? Fote! Izi ndifa nazo osazimaliza." Kenako anatembenuka, nkhope ili ngwee. "Lempi, wapuma mkazi wanga! Chaka chino ukhale pambali pa mbaula, uwothe mawondo. Chigoba chikagwa chigwe, tili nazo zambiri."

"Ambuye alemekezeke," anatero achemwali.

Anandithirira khofi mpaka kusefukira m'sosa. Buledi wotsekemera, amene ndakhala ndikudya pakhomopo Lamulungu lililonse, anamubweza m'kabati ine ndikuona.

Madzulo omwewo a Urho anadzaza chigoba chimodzi chatsopano kuti ayese. Anaima kuseri kwa nyumba, anawombera chitini chili pachitsa, anakoka chitsulo, chigoba n'kuuluka kukagwera muudzu. Ndipo munthu uja, amene anakwawapo maola atatu, sanacheuke n'komwe. Anayenda ngati bwana. Achemwali ankaonerera pawindo, manja ali m'chiuno. Pamene ndinkaliza galimoto ndinawaona atuluka, awerama ndi mawondo awo okutha aja, akufufuza muudzu.

Kutatsala sabata imodzi kuti kusaka kuyambe, lamya inalira kwanga masana.

"Alamu, bwerani mudzaone zimene wachita mlongo wanuyu. Bwerani msanga ndisanachimwe."

Ndinamva kulira kwa tizitsulo ndisanatsike galimoto: ngwe, ngwere, ngwe. Pakhonde pankalendewera chivindikiro cha ndowa, ndipo pansi pake, pa ulusi wowedzera nsomba, zigoba zonyezimira zikugundana ndi mphepo ngati manjerenjeza a wovina. Chilichonse chinali chobooledwa pakati, mbali iyi kutulukira mbali inayo. Chigoba chobooka ndiye kuti chatha ntchito, ngakhale mwana amadziwa. A Urho anali atazitsuka n'kuziyanika m'thireyi ya keke, n'kupita kutauni ya Hancock kukagula onga. Achemwali anabwereka choboolera cha amuna awo omwewo.

"Ndimayesa n'zokongoletsera," anatero achemwali, akupukuta manja paepuloni. "Zinali m'thireyi yanga."

"Zokongoletsera! Iwe Lempi, zaka sate-sikisi ukuwakha zigoba, lero sukudziwa chigoba?"

"Ine ndi mkazi wa pambaula, bambo. Za mfuti ndizidziwira kuti?"

"Tamvani alamu! Tamvani mwano!"

Ine mtima unandipweteka, ndisaname. Ndinadya fumbi m'khola la eni chifukwa cha anthu amenewa. Pofuna kubisa mkwiyo ndinayamba kuwerenga zolendewerazo, ndipo ndinapeza makumi atatu ndi zisanu.

"Achemwali, zina zisanu zili kuti?"

Anandiyang'ana diso lija ankandiyang'ana nalo ndili mwana ndikaulula chinsinsi. Kenako anapisa m'thumba la epuloni n'kuziimika pathebulo la pakhonde, chimodzichimodzi.

"Izi choboolera chinakana."

A Urho anavala magalasi. Anatola choyamba n'kuchiunika padzuwa, anachizunguliza, anatola chachiwiri. Ine sindidziwa mkuwa, koma ndinaona pankhope pawo kuti zisanuzo zinali zabwino koposa zonse m'chitini chija, zosankhidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake. Zigoba za padenga zinkangolira.

"Zisanu, kuphatikiza zinayi zija," anatero potsiriza. "N'zochepa. Izi si zotaya m'chipale ayi." Anakanda kukhosi, osayang'ana munthu. "Chipewa chija chikadalipo?"

"Chipite kuti? Ndiye kuti chaka chinonso ndikazizidwe. Ine ndinalakwira ndani, Ambuye?"

Analowa m'nyumba akudandaula, n'kutuluka ndi khofi ndi buledi wotsekemera, chidutswa changa chili chachikulu kuposa masiku onse. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zimene akulu amanena, kuti ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Kapasuleyo ndinali ine, ndi chitini changa cha mabisiketi.

Anasakanso limodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Chifuwa chija chinawatenga a Urho m'mwezi wa Epulo, chipale chikusungunuka. Titabwera kumanda ndinakhala ndi achemwali pakhonde, pansi pa zigoba zija, zimene tsopano zinali zitada. Anatsegula kachitini ka fodya pamiyendo pawo. Munali mutatsala ziwiri.

"Koma achemwali," ndinatero, "munatchova juga. Zikanatha iwo akadali moyo?"

"Juga yanji? Ndinamvetsera chifuwa chake, ndinawerenga makosi a zigoba, ndinati zisanu zimukwana." Anagwedeza kachitiniko, zigoba ziwirizo n'kulira. Misozi inatsika, osaipukuta. "Ndinaphonya ndi ziwiri. Nkhalamba yopupuluma, sinadikire n'komwe kuti timalize."