Thirakitala ya alamu ndi chisanza cha tsabola

Mvula yoyamba itagwa Lolemba, alamu anga a Sakala anandiitana ku Nsefu kuti ndikawathandize kudzutsa thirakitala yawo, nkhalamba imene inagona pansi pa mtengo wa mango chilimwe chonse. Inu mukulidziwa dothi lakuda la kuno kuchigwa. Ukachedwa masiku atatu limasanduka phala, ndipo munda wa thonje umaulima chaka chamawa.

Ndinapeza amuna asanu atazungulira kale. Alamu akapotoza kiyi, injini inkangoti gu-gu-gu, kenako zii.

Kodi munaonapo mwamuna akuvomera kuti injini saidziwa? Wina anati ndi batire, tinakabwereka ya pachigayo. Wina anati dizilo yalowa mpweya, tinapopa mpaka zala kutupa. Sikauti wina wa zanyama, amene ntchito yake ndi kuthamangitsa njovu, anagogoda sitata ndi mwala. Ine, amene ngakhale tcheni cha njinga chimandigonjetsa, ndinanena molimba mtima kuti vuto ndi mapulagi. Anandiuza kuti injini ya dizilo ilibe mapulagi otero. Ndinachita manyazi, koma sindinasiye kulangiza.

Dzuwa litafika pamutu tinaikankhira pachulu n'kuitsetsereza. Kawiri, koma injini osalira. Alamu anayamba kuyang'ana kumunda kwa mnansi wawo, n'kumati pali anthu ena sakondwa mnzawo akalima msanga.

Nthawi yonseyi mlongo wanga, amake Tisa, ankadutsa ndi ndowa. Ulendo woyamba anati, "Atate ake Tisa, ndinene?"

"Izi n'za zitsulo, amake Tisa. Tiphikireni tiyi."

Ulendo wachitatu anatula ndowa. "Nanga chisanza chija mwachotsa?"

Paja chaka chatha makoswe anamanga chisa m'paipi yokokera mpweya. Ndiye mu Juni mlongo wangayo anatenga chisanza chimodzi mwa zija timapaka tsabola ndi oilo wakuda n'kupachika pampanda kuti njovu zisalowe m'munda, n'kuchikanikiza m'paipimo. Makoswe sanabwerenso. Mpweya nawonso sunalowe.

Alamu anachisolola ndi dzanja. Kiyi kamodzi, nkhalamba inabangula.

Taseka, koma khalidweli lili paliponse. Kuchigayo, kumjigo, kumsonkhano wa zanjovu, timafunsa amene ali ndi mawu aakulu, osati amene anali pomwepo zinthu zikuchitika. Amene amasesa pansi pa thirakitala tsiku lililonse ndani? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tinataya pafupifupi tsiku lathunthu la mvula, ndipo zimandiwawa kuti nanenso mlongo wanga sindinamufunse.

Alamu, posangalala, anapukuta thukuta kumaso ndi dzanja lomwe lija. Munda anaulima madzulo, misozi ili chuchuchu, akuona ndi diso limodzi, mizere yokhotakhota ngati njira ya mvuu.

Amake Tisa anawayang'ana n'kufunsa, "Ndibweretse madzi, kapena nazonso n'za zitsulo?"