Chipewa cha Nyale ya a Musapume

Bambo anga anagwira ntchito yojambula mafupa a anthu kuchipatala zaka makumi atatu ndi zinayi. Tsiku ndi tsiku ankaimika odwala pamakina a ekisire, iwo n'kubisala kuseri kwa galasi, n'kukuwa kuti, "Kokani mpweya! Musapume!" Dzina linamera pomwepo. Mpaka lero mukafunsa dzina lawo lenileni mumsewu mwathu anthu amangoyang'anana, koma mukati a Musapume, ngakhale wosoka nsapato wa pakona akulozerani geti.

Atasiya ntchito, kukhala pansi kunawakanika. Ankadzuka m'mamawa, kusita malaya, kenako n'kumazungulira m'nyumba kusaka chokonza. Amayi, amene anayendetsa nyumbayo okha zaka zonsezo, anayamba kuchotsa pabalaza chilichonse chimene bambo achikhudza. Wailesi yakale inapita. Wotchi yapakhoma, imene anaimasula n'kutsala ndi timasikuluwu titatu m'manja, inapitanso. Pa zinthu zawo zonse panatsala nyale yokha.

Inali nyale yamagetsi ya mwendo wamkuwa, yolemera ngati mwana woyamba kukwawa. Bambo anawerengera mayeso awo onse pansi pake, ndipo ankaipukuta okha Lamulungu lililonse. Chophimba babu chake, chimene kwathu timangochitcha chipewa, chinapsa mbali imodzi kalekale, ife n'kumangotembenuzira mbali yopsayo kukhoma. Koma tsiku lina mphaka anaigwetsa, chipewa n'kuphwasukiratu, babu n'kutsala pamtunda.

"Abambo, chinthu ichi chikundithobwa m'maso," anatero amayi. "Likafika Loweruka chilibe chipewa, chitsatira wailesi."

Bambo anazungulira masitolo masiku awiri, koma zipewa za masiku ano sizinkakwana pakhosi pa nyaleyo. Wogulitsa wina anawalangiza kuti angogula nyale yatsopano, ndipo anabwerako atakwiya ngati awauza kuti asinthe mkazi. Ine ndinali nditabwera kudzacheza sabata imeneyo. Ndinkaseka, inde, koma pansi pa mtima ndinkawamvera chisoni, chifukwa ndinkaona kuti nyaleyo ikachoka, pabalazapo bambo atsala mlendo.

Lachinayi anatulutsa tebulo pakhonde. Anawongola mahang'ala anayi a waya ndi pulayala, n'kupinda chimango cha mbali zinayi, chopapatiza kumwamba. Waya wina anawabaya chala, iwo n'kumuuza mawu amene sindingalembe pano. Mutu unadzawawa pa chomangira m'mbalimo. Katoni inkatsekereza kuwala konse, pepala linali lofewa, pulasitiki ya ndowa yosweka inakana kupindika. Kenako anadzimenya pachipumi.

"Mafilimu! Mwanawe, kodi pali chinthu cholimba, chopepuka, chopindika bwino kuposa filimu ya ekisire?"

Anali nawo atatu a chifuwa chawo, a nthawi imene ogwira ntchito ankapimidwa. Anawaboola m'mphepete ndi kachida koboolera mapepala, n'kuwasokerera pawaya ndi ulusi wokhuthala, mwaudongo ndithu. Anagulanso babu losatentha kuti filimu isasungunuke. Koma mbali zinali zinayi, mafilimu atatu. Anakhala nthawi yaitali atagwira chibwano. Kenako analowa kuchipinda, ndinamva sutikesi ikutsitsidwa pamwamba pa wadiropu, ndipo anatuluka atabisa envulopu yachikasu m'malaya. Ananditumiza kukatereka tiyi, ine mayi wa ana awiri. Pobwera ndinapeza mbali yachinayi yatsekedwa, ndipo chipewa chonse achikuta kale nsalu yomata ndi guluu.

Nsaluyo inali katani yakale ya maluwa a mpendadzuwa. Ankafuna kuipinda kawiri, koma inangokwana kamodzi. "Zilibe kanthu, ndi yochindikala iyi," anatero. Tangoganizani, munthu amene anatha moyo wake wonse akuimika mafilimu pa kuwala kuti mafupa aoneke! Chipewacho anachiyang'ana masana okhaokha, chosayatsa, n'kumadzitama kuti ngakhale kusitolo kulibe chotere. Zoona, chinakongola.

Loweruka dzuwa litapendeka bambo anatseka makatani a pabalaza, n'kukhazika amayi pampando ngati mlendo wolemekezeka. Amayi anachiyang'ana, anachigogoda ndi chala, n'kunena kuti, "Aa, mwayesetsa." Kwa amayi anga mawu amenewo ndi mendulo. Bambo anatukula chifuwa, n'kudina poyatsira.

Pakati pa mpendadzuwa panatulukira nthiti. Nthiti zenizeni, zondandalika bwinobwino, ndi fupa la msana pakati.

"Mayo ine!" Amayi anadzambatuka. "Pabalaza panga mwapasandutsa manda?"

"Akazanga, nthitizo ndi zanga, sizakuba ayi."

Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Amayi sanaseke. Anagwira nyale pamwendo kuti ainyamule, ndipo poikoka inatembenuka, mbali imene bambo anailozetsa kukhoma n'kubwera poyera. Pamenepo panalibe nthiti. Panali dzanja laling'ono, zala zotambasula, ndi mng'alu pafupa la pamkono. Pakona pankawala timalemba toyera. Amayi anawerama, anasuzumira, anawerenga dzina lawo ndi la bambo awo owabereka, ndi tsiku la chaka chimene ine ndinali ndisanaganiziridwe n'komwe.

"Si dzanja langa ili? Nditagwa panjinga ndili mtsikana?"

Bambo anayang'ana kudenga.

"Inu! Munandiuza kuti filimu yanga yasowa! Ndinakwera mabasi awiri, mkono uli mupulasitala, kudzajambulitsanso. Ndinakupepesani ine, ndimvekere pepani achimwene, ndakuvutitsani!"

"Nanga mukanapanda kubweranso, ndikanakuonerani kuti?" anayankha bambo chapansipansi. "Kumudzi kwanu sindinkakudziwa, kunyumba kwanu sindinkakudziwa. Ndinali ndi dzanja lokhali basi."

Kuseka kunandithera. Nkhani ya mmene anakumanirana ndinaimva kambirimbiri, koma nthawi zonse inali yoti chipatala chinataya filimu, ndipo amayi ankachinyoza chipatalacho pa kusasamala kumeneko zaka zonsezi. Amayi anazula pulagi kukhoma, anakulunga chingwe pamkono, n'kuinyamula nyale ija atakumbatira. Bini ya zinyalala ili kuseri kwa khitchini. Bambo anangoima chilili, manja ali lende, osayesa n'komwe kuwaletsa.

Amayi anafika pakhomo la khitchini, anaima pang'ono, n'kupitirira kulowera kuchipinda chogona.

"Dzanja langa si loonetsa alendo," anatero osacheuka.

Tinamva akusuntha mabotolo a mafuta pakatebulo ka kumbali yawo ya bedi. Kenako anaitana.

"Abodza inu, tabwerani mudzandionetse poyatsira."